Buku la nkhondo ya ku France linakathera pakhonde la agogo ku Mulanje

Kumayambiriro kwa teremu yachitatu, ndili Fomu 3 pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Chitakale, Madamu athu a Chingerezi analowa m'kalasi atanyamula katoni. Munali mabuku 9 a nthano yaitali imodzimodzi, ena zikuto zitathothoka kale, pomwe ife tinalipo oposa 60. Anatigawa m'magulu nkulamula kuti aliyense azigona nalo buku masiku awiri kenaka apatsire mnzake, ndipo teremu isanathe aliyense alembe chimangirizo cha zomwe wapezamo. Nkhani yake inali ya mnyamata wa ku England yemwe ananamiza akuluakulu za zaka zake kuti amulembe usilikali pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, nkukapezeka m'ngalande za ku France m'chaka cha 1916.

Ndikulemba izi poganizira ana asukulu omwe apatsidwa buku la mtundu umenewu, la nkhondo yakale ya kudziko lomwe sanapondeko, ndipo angoliika pansi pa pilo poona kuti silikulowa m'mutu. Inenso linandikanika poyamba, moti ndinatsala pang'ono kulemba chimangirizo cha buku lomwe sindinawerenge.

Ulendo woyamba kulandira bukulo ndinawerenga masamba 11 okha m'masiku awiriwo. Kwathu kulibe magetsi, ndiye ndinkawerengera tochi ya mabatire nditadzikulunga m'bulangete, poti chiperoni chinali chitayamba kutsika m'phiri. Dzanja ili buku, linali dikishonale yobwereka. Liwu lililonse lachilendo ndinkaima nkulifufuza, ndipo pa tsamba limodzi pankakhala mawu oterowo ochuluka zedi: maudindo a asilikali, mitundu ya mfuti, midzi ya ku France yomwe lilime limakana kutchula. Pofika pansi pa tsamba ndinkakhala nditaiwala kuti pamwamba paja amayankhula ndani. Amayi akamadzuka mbandakucha kupita ku esiteti kukathyola tiyi ankandipeza nditagona tochi ili chiyakire, nkuyamba kudandaula za mabatire.

Anzanga ambiri zinawachitikira chimodzimodzi. Mnyamata wina m'gulu lathu anali ndi foni ya intaneti, anapeza chidule cha bukulo, tonse nkukopera m'makope. Tinaloweza mayina a ampangankhani, tinalowezanso kuti mfundo yaikulu ndi kuipa kwa nkhondo. Sabata yachitatu Madamu anafunsa funso limodzi lokha. M'kalata yake yachiwiri, mnyamata uja anapempha mayi ake kuti amutumizire chiyani? Kalasi yonse zii. Yankho linali masokosi, ndipo m'chidule chija munalibe masokosi.

Madamu sanakalipe. Anatenga choko nkujambula mapu pa bolodi: England apa, nyanja apa, France ndi Belgium apa, Germany uku. Kenaka anakoka mzere wokhotakhota kuchokera kunyanja ku Belgium mpaka kumalire a Switzerland, nkuti mzere umenewu unali ngalande zokhazokha zokumba ndi manja, mtunda wa makilomita pafupifupi 700, mbali iyi asilikali a Britain ndi France, mbali inayo a Germany, pakati waya waminga. Anatikumbutsa zomwe tinaphunzira mu Histole koma osazilumikiza ndi buku, kuti moto unayamba pa 28 June 1914 pomwe Franz Ferdinand, yemwe ankayembekezeka kulowa ufumu wa Austria-Hungary, anaphedwa ku Sarajevo, ndipo Britain inalowa nkhondoyo pa 4 August. Anaika kadontho pa mtsinje wa Somme nkulemba 1 July 1916. Tsiku limenelo lokha asilikali a Britain oposa 57,000 anaphedwa kapena kuvulala, ndipo omwe anafa anapitirira 19,000. Kumenyana pamalo amenewo kunapitirira mpaka November. Anatiuza kuti tiwerengere tokha kuti anthu 19,000 ndi masukulu angati ngati yathuyi. Palibe anaseka.

Za masokosi anafotokoza pomaliza. Munthu akaima m'madzi ozizira ndi m'matope masiku angapo osavula nsapato, mapazi amatupa, amachita dzanzi, ndipo ena ankawola mpaka kudulidwa. Masokosi ouma anali ngati mankhwala. Mwana uja popempha masokosi ankauza mayi ake momwe zinthu zaipira popanda kuwaopseza, komanso makalata a asilikali ankayamba awerengedwa ndi akuluakulu awo asanatumizidwe, choncho zambiri sakanatha kulemba poyera. Ine ndimadziwa momwe mapazi a amayi amaonekera akabwera ku tiyi nthawi ya mvula, atayera ndi kukwinyika. Apa m'pamene ndinamuona mnyamata uja ngati munthu.

Ulendo wachiwiri ndinasintha kawerengedwe, ndipo izi ndi zomwe ndingalangize aliyense. Dikishonale ndinaiika patali. Ndinkawerenga mutu wonse osaima, liwu lovuta nkulidumpha, pokhapokha likabweranso kachitatu m'pamene ndinkalilemba m'kope kuti ndilifufuze ndikamaliza. Mawu ambiri ankadzimasulira okha nkhani ikamapita. M'kope momwemo ndinakoperamo mapu a Madamu, ndipo mudzi uliwonse wotchulidwa m'buku ndinkauika kadontho. Tsamba lina linali la anthu: dzina, ndani wake wa ndani, wafa pa mutu wanji. Mabuku a nkhondo amakhala ndi anthu ambiri ofanana zovala, ndipo ukapanda kulemba umangozindikira kuti wina wasowa osadziwa kuti anatsala pati.

Tsamba lomwe linandithandiza kwambiri ndinaligawa pakati ndi mzere. Kumanzere ndinkalemba zomwe zinachitikadi, kumanja zomwe mlembi anapeka. Mtsinje wa Somme, tsiku la 1 July, mpweya wapoizoni womwe a Germany anauponya ku Ypres mu April 1915, zonsezi kumanzere. Mnyamata uja, mayi ake, mnzake wokonda kuimba, kumanja. Zina sindinkadziwa koziika, ndiye ndinkapita nazo kwa aphunzitsi a Histole nthawi yopuma. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika chifukwa nthano yolembedwa bwino imakunyengerera kukhulupirira zonse, ndipo mnzanga wina anakalemba dzina la kaputeni wopeka pa mayeso a Histole. Komanso ukaona zopekazo zili pazokha umayamba kufunsa kuti mlembi anaziikiramo chiyani. N'chifukwa chiyani anatha mitu itatu yathunthu akufotokoza nsabwe, makoswe, tiyi wozizira ndi kudikira, asanaimbe wenzulo yoti asilikali atuluke m'ngalande? Yankho la funso lotere ndi lomwe aphunzitsi amafuna m'chimangirizo, ndipo silipezeka m'chidule.

Loweruka tinayambanso kukumana gulu lathu lonse pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, wina akuwerenga mokweza, ena akumvetsera, pakatha masamba angapo tinkafotokozerana m'Chichewa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo buku limodzi la anthu 7 linayamba kutikwanira.

Tsiku lina madzulo ndinkawerengera pakhonde la agogo aakazi, amayi awo a amayi anga, iwo akutong'ola chimanga m'lichero. Anandiyang'ana nkuti, "Iwe mnzanga, chalembedwa n'chiyani m'menemo kuti nkhope ichite kugwa chonchi?" Ndinayamba kuwafotokozera za anyamata othamangira pa waya waminga kwinaku mfuti ina ikulavula zipolopolo osapumira. Sanadikire kuti ndimalize.

"Chiwaya chimenecho," anatero. "Nkhondo ya chiwaya. Agogo anga anapitako."

Ine chiwaya chomwe ndinkadziwa n'chokazingira tchipisi pa Chitakale. Sindinkadziwa kuti akale ankatchula mfuti imeneyo chiwaya, ndipo nkhondo yonse ya 1914 mpaka 1918 anaipatsa dzina lomwelo. Ndinafunsa ngati agogo awowo anali msilikali. Anapukusa mutu. Anali mtengatenga.

Anafotokoza pang'onopang'ono, manja osaleka kutong'ola. Agogo awo aamuna anabwera kuno kuchokera tsidya la Ruo ali mnyamata, monga anachitira Alhomwe ambiri pothawa nkhanza za Apwitikizi, nkuyamba kugwira thangata pa minda ya azungu. Nkhondo itakula, boma linalamula mafumu kuti apereke amuna, ndipo amesenjala ankabwera usiku chifukwa masana anthu ankathawira kuphiri. Anawagwira awiri, iwo ndi mng'ono wawo. Ntchito inali kusenza: matumba a ufa ndi mpunga, mabokosi a zipolopolo, mahema a azungu, nthawi zina machira a ovulala. Ankayenda opanda nsapato, chakudya chomwe asenza osaloledwa kuchikhudza, wotsalira m'mbuyo chikoti. Anabwerako patatha chaka ndi miyezi, ataonda kwambiri, zala za kumapazi zitadyedwa ndi matekenya. Anabwera okha.

Agogo anati iwo ali kamtsikana ankadabwa chinthu chimodzi. Nkhalambayo inkalima, inkadula mitengo, koma sinkalola kuika kanthu kalikonse pamutu. Ngakhale mtolo waung'ono wa nkhuni ankaukoka pansi kapena kuukumbatira. Ana akafunsa, akuluakulu ankangoti asiyeni, anasenza kale.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. M'mawa mwake ndinapita kwa aphunzitsi a Histole, ndipo anandikhazika pansi nkunditsegulira mabuku awo. Nkhondo yomwe ndinkaiona ngati ya azungu okhaokha inafika kuno masiku oyambirira enieni. Pa 13 August 1914 sitima ya boma la Nyasaland yotchedwa Guendolen inawombera sitima ya a Germany, Hermann von Wissmann, pa doko la Sphinxhaven pa nyanja yathu, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Pa 9 September chaka chomwecho kunali kumenyana ku Karonga, ndipo manda ake alipo mpaka lero. Tanzania nthawi imeneyo inali m'manja mwa Germany, ndipo mkulu wa asilikali awo, Paul von Lettow-Vorbeck, anazemba adani ake zaka zinayi. Mu November 1917 anawoloka Rovuma nkulowa m'Mozambique, mu July 1918 anafika ku Namacurra kufupi ndi Quelimane, ndipo kumapeto kwa August anamenyana ndi asilikali a King's African Rifles ochokera kuno pa Lioma, kufupi ndi Gurue. Nditaona Gurue pa mapu ndinadzidzimuka, chifukwa ndi dzina lomwe timalimva kwa amalonda a pa Limbuli ndi pa Muloza. Ku Ulaya mfuti zinaleka pa 11 November 1918, koma iyeyu anakatula zida pa 25 November ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala ku Zambia.

M'buku langa chakudya ndi zipolopolo zinkafika pa sitima zapamtunda, magalimoto ndi akavalo. Kuno misewu inali yochepa, ndipo akavalo, abulu ndi ng'ombe zinkafa ndi matenda a kashembe, ndiye katundu yense anagwera pamitu ya anthu. Mtengatenga nayenso amafunika kudya, choncho ulendo ukatalika pankafunika atengatenga ena osenza chakudya cha atengatenga anzawo. N'chifukwa chake chiwerengero chinakwera chotere: m'dziko la anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi, amuna pafupifupi 19,000 analowa usilikali ndipo pafupifupi 200,000 anagwira utengatenga. Ambiri omwe anafa sanafe ndi chipolopolo koma kamwazi, malungo, chibayo ndi njala, kenaka mliri wa fuluwenza wa 1918 unadzamaliza ena ali m'njira yobwerera.

Aphunzitsiwo anandikumbutsanso za John Chilembwe, yemwe nkhope yake timaigwira pa ndalama ndipo timamukumbukira pa 15 January. Mu November 1914 analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda osauka akutengedwa kukafera nkhondo yomwe si yawo, nkusiya akazi amasiye ndi ana. Anaukira boma pa 23 January 1915, ndipo anaphedwa pa 3 February akulowera ku Mozambique, m'dera lomwe nthawi imeneyo linali pansi pa boma la Mulanje. Nkhani ya Chilembwe ndinailoweza kuyambira ku pulayimale, koma ndinali ndisanaonepo kuti iye ndi mnyamata wa m'buku langa anali m'nkhondo imodzi.

Apa ndiyenera kunena cholakwa chomwe ndinachita, kuti wina asadzachibwereze. Mtima utatentha ndi zomwe ndinamva kwa agogo, ndinaganiza zofunsa aliyense wodziwa nkhondo. Pafupi ndi kwathu pali mayi ena omwe anathawa ku Milange m'chaka cha 1986, nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, pomwe anthu oposa miliyoni anadzakhala m'Malawi muno. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992 anzawo ambiri anabwerera, iwo anatsala. Ndinapita kwawo ndi kope ndi cholembera, moni wachidule, nkuyamba kufunsa ngati ndikuwerenga pepala la mayeso. Munaona anthu akuphedwa? Munataya abale angati? Mayiwo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Mwana wanga, ndiwo zanga zikupserera," nkulowa m'khitchini. Sanatulukenso.

Nditawauza agogo anandidzudzula kwambiri. Anati iwo ankafotokoza za agogo awo omwe anapita kalekale, bala lake linapola, pomwe mayi aja ndinawafunsa za ana awo enieni. Anandituma kukapepesa nditanyamula mtolo wa nkhuni, kope nkulisiya kunyumba. Anandilandira bwino, tinacheza za mvula ndi za sukulu, za nkhondo sitinatchule, ndipo mpaka lero sindinawafunsenso. Ngati buku lakupatsani njala yofunsa akuluakulu, yambani mwawauza zomwe mukuwerenga, iwo asankhe okha ngati ayankhepo. Agogo sindinawafunse kanthu, anayamba okha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Palinso china chomwe palibe anatichenjeza. Mabuku amenewa amalemera mumtima. Mutu wofotokoza za mpweya wapoizoni ndinauwerenga ndekha usiku, ndipo masiku angapo ndinkalota ndikubanika. Mtsikana wina m'gulu lathu, yemwe achimwene ake ndi msilikali ndipo anali atapita ku ntchito yosungitsa mtendere ku DRC, anafika pa mutu wina nkulephera kupitiriza. Anakawauza Madamu, ndipo anamulola kudumpha masamba amenewo ife nkumufotokozera mwachidule. Mitu yolemera muziiwerenga masana, muli ndi anzanu, ndipo zikakukulirani nenani kwa aphunzitsi. Palibe chamanyazi pamenepo.

Chimangirizo changa ndinachilemba pa funso loti ndani akusowa m'bukuli. Sindinanyoze mlembi, chifukwa iye anasankha kufotokoza nkhondo ya mnyamata mmodzi ndipo anaifotokoza mwaluso, mpaka ine wa kuphiri la Mulanje ndinamulirira mwana wa ku England. Koma ndinalemba kuti pa masamba onsewo nkhondo ikutchedwa ya dziko lonse pomwe dzikolo likuthera ku France, ndipo ndinaika mapazi a mnyamata wopempha masokosi pambali pa mapazi a mtengatenga yemwe analibe ndi nsapato zomwe. Ndinasamala kuonetsa kuti izi n'zochokera m'buku, izi n'za m'Histole, izi ndinamva kwa agogo. Madamu anandiitana ku ofesi nkundifunsa komwe ndinatenga nkhani ya nkhalamba yokana kusenza. Nditawauza anakhala chete pang'ono, nkuti kwawo ku Zomba anakulira pafupi ndi chipilala cha King's African Rifles, ankachidutsa tsiku ndi tsiku popita kusukulu, koma sanafunsepo agogo awo ngati m'banja mwawo munali wopitako. Sabata yotsatira anauza kalasi yonse kuti aliyense akawauze akuluakulu a kwawo liwu loti chiwaya, akamve zomwe anene. Ana angapo anabwera ndi nkhani, ena za azigogo omwe anapita ku Burma pa nkhondo yachiwiri.

Buku ndinalimaliza pa ulendo wanga wachinayi, teremu itatsala pang'ono kutha. Ndisanakalibweze agogo anandiitana. "Nanga mwana uja wa masokosi, anabwerera kwa amake?" Ndinawauza kuti ayi, anafa mu October, nkhondo ya pa Somme isanathe. Anafuna kudziwa kuti mayi ake anamva bwanji, ndiye ndinatsegula mutu womaliza nkuwamasulira m'Chichewa mzere ndi mzere: kalata yochokera kwa mkulu wa asilikali, yotchula tsiku lomwe anafera ndi mudzi womwe anamuika, ndi kaphukusi ka zinthu zake.

Agogo anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamaondo. "Bola iwo analandira kalata," anatero. Kwa amayi awo a atengatenga awiri aja sikunabwere kalata, sikunabwere mesenjala. Wamkulu mwa awiriwo anangofotokoza kuti mng'ono wake anadwala m'mimba ali pa ulendo, anamusiya pansi pa mtengo gulu likupitirira, ndipo sanamulole kutsala naye. Maliro analira opanda mtembo.

Kenaka anandiuza kuti nditenge kope lija. Anatchula dzina la mng'onoyo, dzina lachilhomwe lomwe ndinali ndisanalimvepo m'banja mwathu, nkuti ndililembe pa tsamba lija la zinthu zomwe zinachitikadi. Ndinalilemba kumanzere kwa mzere, pansi pa Lioma. Agogo sadziwa kuwerenga, koma anatenga kopelo nkuliyang'anitsitsa, nkundiuza kuti ndiwawerengere kawiri kuti amve ngati ndalemba bwino.